"Madamu, inuyo ndi a chipani chanji?": zokambirana pa gulu la aphunzitsi ndi makolo a m'Mulanje ndi Thyolo

Madamu Nachisale (Chitakale): Mwaswera bwanji akuluakulu nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru zanu. Teremu ino ndafika pa mutu wa zipani, chisankho ndi nyumba zofalitsa nkhani ku Fomu 3. Ndisanamalize n'komwe kulemba mutuwo pa bolodi, mnyamata wina wakumbuyo anakweza mkono n'kuti, "Madamu, inuyo ndi a chipani chanji?" Anzake anafa nalo phwete, ena kuyamba nyimbo zapamsonkhano, wina akumenya desiki. Ndinawakhalitsa chete, koma ndaona kuti kwa ana amenewa ndale ndi chitenje, nyimbo ndi kunyozana basi. Ukawafunsa ntchito ya phungu akuti ndi kugula mabokosi a maliro. Inu anzanga mutu umenewu mumauyendetsa bwanji kuti ana atolepo kanthu, iweyo osatchedwa kadeti kapena wotsutsa boma?

aMbewe (Thekerani): Madamu, langizo langa ndi lalifupi. Tsatani silabasi. Apatseni tanthauzo la chipani, ntchito zake, mitundu ya chisankho, ntchito za MEC, bungwe loyendetsa chisankho, alembe manotsi, kenako muwapatse mafunso a MANEB a zaka zam'mbuyo. Mayina a zipani ndi a atsogoleri amoyo musawatchule m'kalasi. Kuno mwana amapita kunyumba n'kukanena kuti aphunzitsi anyoza akuluakulu, mawa nkhani ili kwa amfumu, mkucha ili kwa ahedi. Kumbukirani za 2011, pamene Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo cha ku Egypt ndi Tunisia chomwe anapereka m'kalasi. Maphunziro anaima miyezi yambirimbiri. Ngati zinagwera munthu wa pa yunivesite, nanga ine wa pa CDSS amene ndilibe ndi loya yemwe?

Nangozo (Limbuli): Koma aMbewe nkhani mwatchulayo mwaisiyira panjira. Aphunzitsi aja sanabwerere m'mbuyo, ndipo omwe anachotsedwa ntchito anadzabwezeretsedwa. Komanso tisaiwale kuti ana athu si makanda. Ku Fomu 4 kuno kuli ambiri opitirira zaka 18, chiphaso cha unzika ali nacho, ena anavota ndithu pa 16 Sepitembala 2025. A Fomu 3 a Madamuwa mu 2030 adzakhala pa mzere onse. Ife tikatseka pakamwa, wowaphunzitsa atsala ndani? Ndi mnyamata wa pa lole uja wonyamula zokuzira mawu.

aMbewe (Thekerani): Mchemwali wanga, inu mukadali mwana pa ntchitoyi. Mukadzalandira kalata yokusamutsirani kumene minibasi sifika mudzandikumbukira.

Admin: Chonde tizikambirana nkhani, osati zaka za munthu. Komanso ndikumbutse lamulo la gulu lino: palibe kutumiza zithunzi kapena nyimbo za chipani chilichonse.

Anganga Hedi opuma (Luchenza): Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine choko ndinachigwira nthawi ya chipani chimodzi, choncho mantha a aMbewe sindingawaseke, ndinagona nawo zaka zambiri. Masiku amenewo za unzika zinali zoloweza: ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kuyambira 1966 lamulo linkalola chipani chimodzi chokha, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. Pa msika sunkalowa wopanda khadi lachipani, a yufi ataima pa geti. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo ya kanema inadzabwera mu 1999. Tikafuna kumva zina tinkatsegula BBC usiku, mawu titatsitsa, mazenera titatseka, ana titawagoneka kaye kuopa kuti angakalankhule kusukulu.

Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya mabishopu yodzudzula poyera momwe zinthu zinkayendera. Boma linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo unali mlandu. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege. Koma chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, tinaima pa mzere kusankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo pafupifupi awiri mwa anthu atatu alionse anasankha nyali, kutanthauza zipani zambiri. Pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi wa UDF anapambana, Kamuzu n'kuvomera.

Ndalemba zonsezi kuti ndifunse aMbewe funso limodzi. Mwa zimene ndanenazi, ndi chiti chomwe ndi kunyoza munthu? Zonsezi ndi mbiri, zili m'mabuku a History omwe muli nawo m'kabati. Mwana wobadwa mu 2009 sadziwa kuti kunena "ine sindikugwirizana nazo" kunali kogonetsa munthu ku ndende ya Mikuyu. Akapanda kudziwa zimenezi, voti amaiyesa chinthu chotola. Mayina tchulani, zaka tchulani. Chimene mubise ndi chimodzi chokha, chomwe inuyo munachonga m'kachipinda muja.

Madamu Nachisale (Chitakale): Zikomo anganga. Ndiye mwana uja ndimuyankhe kuti ndilibe chipani?

Anganga Hedi opuma (Luchenza): Ayi mwanawe, limenelo ndi bodza ndipo ana amalinunkhiza msanga. Muuzeni kuti, "Ndinavota, ndili ndi maganizo anga monga nzika, koma voti ndi yachinsinsi, ndipo ine boma linandilemba ntchito yophunzitsa mwana wa aliyense." Mukatero yankho lanu lomwelo lasanduka phunziro loyamba.

aGama (Bvumbwe): Ndilowererepo ndi zomwe ndimachita ine. Ambiri a ife pano tinagwirapo ntchito ya chisankho, poti malo ambiri oponyera voti ndi sukulu zathu zomwe, ndipo ogwira ntchito ambiri amakhala aphunzitsi. Ndiye chuma tili nacho m'manja, timangochisiya panja pa kalasi.

Ine chisankho cha mapulifekiti ndinachisandutsa phunziro. Timayamba ndi kalembera, yemwe sanalembetse savota ngakhale alire. Timasankha ana asanu kukhala bungwe loyendetsa chisankho, ndipo amenewo saloledwa kukopera aliyense. Ofuna mipando amalemba mfundo zawo pa pepala limodzi n'kumata pa chitseko cha laibulale. Kampeni imatsekedwa kutatsala masiku awiri, monga momwe lamulo la dziko limanenera kuti itsekedwe maola 48 tsiku lovota lisanafike. Bokosi ndi katoni ya sopo, timayamba taionetsa kwa onse kuti mulibe kanthu, kenako n'kuimata. Chala timadetsa ndi inki ya chidindo cha ku ofesi.

Koma phunziro lenileni lili pa kuwerenga. Timakhuthulira mapepala pa tebulo pamaso pa mamonita a aliyense wopikisana. Pepala lililonse limakwezedwa m'mwamba, dzina n'kutchulidwa mokweza, kenako liikidwe pa mulu wake. Likapezeka lochongedwa pawiri, kapena lina wina walembapo mawu achikondi, mamonita amakangana kaye ngati ndi voti yoonongeka, ndipo ine sindilowerera mpaka atatchula okha lamulo lomwe tinagwirizana. Pomaliza timawerenga mapepala ogwiritsidwa ntchito, otsala ndi oonongeka, ndipo aphatikizane ndi omwe tinayamba nawo. Akasiyana ngakhale ndi limodzi, timayambiranso. Monita aliyense amasaina pepala la zotsatira, amatenga lake, lina timamata pa khoma. Mwana amene wadutsa m'zimenezi ukamuuza za Tipp-Ex yemwe anafutira manambala pa mapepala a zotsatira mu 2019 safuna kumufotokozera kawiri. Amafunsa yekha kuti, "Nanga mamonita anasaina asanafute kapena atafuta?"

Nangozo (Limbuli): Eeeh aGama, izi ndiye ndatola. Inki ya chidindoyo imachoka msanga koma?

aGama (Bvumbwe): Imatha tsiku limodzi, n'zokwanira. Chofunika ndi kaundula, dzina la wovota lizidulidwa pomwepo.

aMbewe (Thekerani): Za mapulifekitizo ndilibe nazo vuto, n'zabwino. Koma za 2019 mwazitchulazo ndiye moto umene ndikunenawo. Kuno kwathu nkhani imeneyo ikadali ndi mabala. Pali makolo omwe mpaka lero amati khoti linawalanda chipambano.

aGama (Bvumbwe): N'zoona achimwene, ndipo maganizo amenewo ana amabwera nawo m'kalasi. Ine sindilimbana nawo. Ndimangoyala zomwe zinachitika motsatana. Chisankho chinachitika pa 21 Meyi 2019, MEC inalengeza Peter Mutharika ndi mavoti 38 ndi kanthu pa 100 alionse. Lazarus Chakwera ndi Saulos Chilima anapita ku khoti. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anathetsa zotsatirazo chifukwa cha zolakwika zochuluka, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana nawo mu Meyi. Pa 23 Juni 2020 anthu anavotanso, Chakwera n'kupambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100. Ndiye osaima pamenepo. Pitirizani mpaka 2025, pamene lamulo loti wopambana apeze mavoti oposa theka linagwiranso ntchito, Mutharika n'kupambana ndi pafupifupi 57 pa 100, Chakwera n'kuvomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe n'komwe pa 24 Sepitembala. Mwana wa banja la DPP ndi mwana wa banja la MCP onse amaona kuti lamulo ndi lomwelo, lero lakomera uyu, mawa lakomera uyo. Mukadula nkhani pakati ndi pomwe mumaoneka wa mbali.

Za 50+1, lamulo la kuposa theka lija, ndimaziphunzitsa ndi masamu a pa bolodi. Tinene kuti kalasi ili ndi ana 90, opikisana atatu apeza 35, 30 ndi 25. Kale wa 35 ndiye ankatenga mpando, pamene 55 sanamufune. Umu ndi momwe zinakhalira mu 2014, wopambana anapeza pafupifupi 36 pa 100. Pano pa mpando wa pulezidenti pafunika oposa theka, apo ayi awiri otsogola abwerezenso. Koma kwa aphungu ndi makhansala zikadali zakale zomwe zija, wotsogola ndi voti imodzi watenga. Ndimawafunsa ana kuti njira yabwino ndi iti, ndipo belu limalira mkangano usanathe.

aBanda a PTA (Chisitu): Pepani aphunzitsi, ine si wophunzira kwambiri, ndine kapitawo chabe ku esiteti ya tiyi, koma anandiika pa gulu pano ngati kholo ndiye ndilankhuleko. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anabwera kunyumba n'kumadzudzula amayi ake kuti alandira ndalama pa msonkhano, akuti agulitsa dziko. Amayi ake analira. Munthu wathyola tiyi kuyambira m'mamawa, dengu kumsana, mvula ikumukwapula, malipiro ake osakwana thumba la chimanga, wina wabwera ndi kangachepe, akane? Muziwaphunzitsa anawa, koma asamabwere kudzatichititsa manyazi ife makolo.

Madamu Nachisale (Chitakale): Bambo Banda, mawu anu andikhudza, ndipo mwachita bwino kulankhula. Mwanayo mfundo anaimva koma anaiponya pa munthu wolakwika. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa wopikisana kapena chipani kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti. Chala chake chimaloza kwambiri wogawayo. Zitenje ndi malaya a kampeni sizili m'gulu loletsedwalo. Ndikuona kuti pophunzitsa tizitsindika funso lakuti wogawayo ndalamazo wazitenga kuti, ndipo akapambana adzazibweza bwanji. Mayi wosauka uja si amene waononga chisankho.

Anganga Hedi opuma (Luchenza): Ndipo muwauzenso anawo kuti amayi awo akalowa m'kachipinda kovotera amakhala okha. Wopereka ndalama uja salowa nawo. N'chifukwa chake chinsinsi cha voti tinachimenyera nkhondo, chimateteza wosauka kuposa wolemera.

aBanda a PTA (Chisitu): Apo ndamva anganga. Nanga za mabokosi a maliro zija Madamu ananena? Ife kumudzi phungu timamuyeza ndi zomwezo. Akapanda kuoneka pa maliro timati watitaya.

Nangozo (Limbuli): Bambo, pamenepo ndi pomwe ana ndi makolo tonse tinasokonezeka, ndipo chifukwa chake chilipo. Makhansala oyamba m'nthawi ya zipani zambiri anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho chapatatu cha 2014. Zaka zonsezo mjigo ukaonongeka, mlatho ukakokoloka, anthu ankathamangira kwa phungu, mpaka tinazolowera. Kubwera kwa thumba la CDF, la ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu, kunangowonjezera. Koma ntchito yeniyeni ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti, kulondoloza momwe boma likugwiritsira ntchito ndalama, ndi kutiyankhulira ku Lilongwe. Pano aphungu alipo 229, kuchoka pa 193. Ine ndinawapatsa ana anga mndandanda wa mavuto a kuno kwathu: milatho yomwe namondwe wa Freddy anagumula mu Malichi 2023, mtengo wa feteleza, malipiro a m'maesiteti, zimbudzi za pa msika, kuchepa kwa malo olima. Ndinati pa vuto lililonse alembe woyenera kumufunsa, khansala, phungu, nduna kapena amfumu. Anavutika nazo kwambiri kuposa mayeso, koma tsiku limenelo palibe anaimba nyimbo yachipani.

aMbewe (Thekerani): Chabwino, zonsezi ndazimva. Koma pali njovu yomwe tonse tikuizungulira. Kuno ku Thyolo ndi Mulanje mwana amabadwa chipani atachipeza kale pakhomo. Bingu kwawo kunali konkuno, anagona ku Ndata, yunivesite ya MUST ili pomwepo. Okutobala aliyense anthu amakhamukira kwa Chonde ku Mulhako, ndipo ngakhale ndi mwambo wa chikhalidwe, mwana sasiyanitsa. Kwa iye Mlomwe ndi mtundu wa buluu, Mchewa ndi tambala, Myao ndi chikasu. Kodi izi mungazithetse ndi katoni ya sopo?

Madamu Nachisale (Chitakale): Apa ndiye mwakhudza pomwe pakundiwawa aMbewe. M'kalasi mwanga muli mtsikana wina, bambo ake anabwera kuno pa ntchito kuchokera chigawo chapakati. Nthawi ya kampeni anzake ankamulirira ngati tambala akamadutsa. Mwana wanzeru, wokonda kuyankha, koma anangoti zii teremu yonse, kukhala kumbuyo, kupuma kumadyera yekha. Sanavotepo n'kamodzi komwe, za chipani sanatchulepo, mlandu wake ndi dzina la kwawo basi. Zimenezi ndi zomwe zandichititsa kuti mutuwu ndisangoudumpha ndi manotsi.

Anganga Hedi opuma (Luchenza): Musazibise kwa ana, zoona zake n'zakuti kuvota motsata zigawo kulipo ndipo n'kwakale. Pa riferendamu ya 1993 kumwera ndi kumpoto anasankha nyali mwaunyinji, pakati ambiri anasankha tambala. Mu 1994 Muluzi anakolola kumwera, Kamuzu pakati, Chihana kumpoto. Jambulani mapu pa bolodi aone okha. Kenako muwaonetse 2009, pamene Bingu anapeza mavoti pafupifupi 66 pa 100, ndipo ambiri anachokera kumpoto ndi pakati, kwa anthu omwe Chilomwe sadziwa ngakhale moni. Afunseni anawo kuti chinachitika n'chiyani. Ena adzatchula makuponi a feteleza omwe anayamba mu 2005, ena chimanga chomwe chinadzadza nkhokwe. Apitirize okha mpaka Julaye 2011, pamene anthu anachita zionetsero chifukwa cha kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja, anthu 20 n'kufa. Mtsogoleri yemweyo, zaka ziwiri zokha. Mwana akaona zimenezi amayamba kuzindikira kuti Amalawi amatha kuvota ndi m'mimba ndi m'mutu, osati ndi dzina la agogo awo lokha.

Muwakumbutsenso kuti zipanizi zinabadwa dzulodzuloli poyerekeza ndi mitundu yathu. Bingu analowa m'boma mu 2004 pa tikiti ya UDF, DPP anaiyambitsa mu 2005. Joyce Banda anachotsedwa ku DPP n'kuyambitsa PP, Chilima anachoka komweko n'kutsogolera UTM mu 2018. Muluzi amene anagonjetsa MCP anakhalapo mlembi wamkulu wa MCP yomweyo. Atsogoleri amasamuka, amagwirizana, amadyera limodzi. Nanga mwana wa Fomu 3 adane ndi mnzake wa desiki imodzi chifukwa chiyani?

aGama (Bvumbwe): Pomwepo mutha kulowetsapo gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, lonena za phungu wochoka ku chipani chomwe anasankhidwira n'kulowa china m'Nyumba ya Malamulo. Ana amalikonda chifukwa amafunsa kuti mpando ndi wa munthu kapena wa chipani. Gawo 40 ndi la ufulu wolowa kapena kuyambitsa chipani, 35 ndi 36 ndi a ufulu wolankhula ndi wa atolankhani. Ku ofesi ya NICE, bungwe lophunzitsa anthu za unzika, pa boma mutha kukapempha mabuku ndi timapepala ta zimenezi, ndiponso mutha kuwaitana adzalankhule ndi ana.

Madamu Nachisale (Chitakale): Tsono mbali ya nyumba zofalitsa nkhani bwanji? Buku limangoti ntchito yawo ndi kudziwitsa, kuphunzitsa ndi kusangalatsa. Ana anga nyuzipepala amaionera pa chipisi, nkhani zawo zonse amamvera pa foni ya achimwene awo.

Nangozo (Limbuli): Imeneyo ndiye mbali yomwe ndimaikonda. Ine ndimanyamula kawailesi kanga ka sola kupita nako m'kalasi. Ndimagawa ana m'magulu, lina limvere nkhani za MBC, lina za Zodiak, lina za Times, lina za Mzati ya konkuno, tsiku lomwelo. Ndimawapatsa mafunso ochepa: nkhani yoyamba inali iti, analankhula ndani, anapatsidwa nthawi yaitali ndani, ndipo ndani yemwe nkhaniyo ikumukhudza koma sanafunsidwe. Mawa lake tikayala pa bolodi amadabwa kuti dziko ndi limodzi, tsiku ndi limodzi, koma nkhani yotsogola ndi yosiyana. Apo m'pamene ndimawafunsa kuti wailesi iliyonse mwini wake ndani, ndipo ndalama zoyendetsera amazipeza kuti. MBC ndi ya boma kuyambira 1964, imayendera misonkho ya tonse, ndipo boma lililonse lomwe lakhalapo otsutsa akhala akudandaula kuti imakondera olamula, omwewo akalowa m'boma dandaulo n'kusamukira kwa anzawo. Zodiak inayamba mu 2005, ndi ya munthu payekha, imadalira malonda. The Nation anayambitsa ndi Aleke Banda mu 1993, yemwenso anali wandale. Onse oulutsa mawu chiphaso amatenga ku bungwe la MACRA. Sindiwauza kuti iyi ndi yabwino iyi ndi yoipa. Ndimafuna azolowere kufunsa kuti akulankhulayu waima pati.

Koma chilombo chenicheni ndi WhatsApp ndi Facebook. Sabata yodikira zotsatira za chisankho ija munaona nokha, mapepala a manambala akuzungulira, ena ali ndi chizindikiro cha MEC pamwamba, mavoisi a munthu wosadziwika akuti "ndili mkati mwenimweni, ndaona ndi maso anga." Ine ndinatenga uthenga umodzi wotero, ndinafuta mayina a zipani n'kulemba Chipani A ndi Chipani B, ndipo ndinaulemba pa bolodi. Tinaufufuza limodzi. Walemba ndani? Palibe dzina. Tsiku? Palibe. Manambala tikaphatikiza akukwana? Mtsikana wina anatenga kakyuleta, anapeza kuti mavoti a boma lina aposa anthu omwe uthenga womwewo ukuti analembetsa. Kalasi yonse inakuwa. Kuyambira tsiku limenelo wina akabwera ndi mphekesera anzake amamufunsa kuti, "Wanena ndani?"

aMbewe (Thekerani): Kufuta mayina kuja ndiye nzeru. Zimenezo ndingayese ngakhale kuno.

aGama (Bvumbwe): Muwachenjezenso kuti foni ili ndi lamulo lake. Pali lamulo la 2016 la za pa intaneti lomwe anthu amangidwapo nalo chifukwa cha zomwe analemba kapena kutumiza. Ena amati limagwiritsidwa ntchito poopseza odzudzula, ndipo umenewonso ndi mkangano woyenera Fomu 4. Mbali inayi pali lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Ana anga ndinawalembetsa kalata yoyeserera yofunsa momwe ndalama za chitukuko cha m'dera zinayendera. Ndi phunziro la Social, komanso la kalembedwe ka kalata.

aBanda a PTA (Chisitu): Za mavoisizo musaphunzitse ana okha. Ifenso akuluakulu ndi amene timatumiza kwambiri. Ku esiteti nthawi ya nkhomaliro foni imodzi timamvera anthu khumi, ndipo palibe amafunsa kuti walankhulayo ndani.

aMbewe (Thekerani): Ine ndikadali ndi nkhawa yanga, ndipo sindiibisa. Nthawi ndi yochepa, silabasi ndi yaitali, kalasi imodzi ana osefukira, ndipo pamapeto pake anthu adzatiyeza ndi zotsatira za MSCE, osati ndi katoni. Komanso si mphunzitsi aliyense angaime pakatikati monga mukunenera. Alipo anzathu omwe Loweruka amavala nsalu yachipani n'kukavina pa msonkhano, Lolemba ali pa bolodi. Mukamutsegulira khomo ameneyo kuti azitchula mayina, kalasi isanduka msonkhano. Ndiye ngati tichite, tichite ndi malire. Ahedi adziwe pasadakhale, zikhale mu sikimu, a PTA auzidwe. Ndipo chitsanzo chilichonse choipa cha chipani china chizitsatana ndi cha chinzake, chabwinonso chimodzimodzi. Ukatchula Cashgate, kubedwa kwa ndalama za boma kwa 2013, utchulenso za nthawi zina, ukayamikira msewu wa uyu uyamikirenso chipatala cha uyo.

Nangozo (Limbuli): Pa za ahedi ndi sikimu ndagwirizana nanu kwathunthu aMbewe. Pa za kulinganiza ndili ndi kampata pang'ono. Tisafike poti chilichonse tizichipezera mnzake mokakamiza. Kuphedwa kwa nduna zitatu ndi phungu ku Mwanza mu 1983 kulibe mnzake woti tikuyerekeze naye, tingonena momwe zinalili. Chomwe ndingalonjeze n'chakuti palibe chipani chomwe chidzatuluke m'kalasi mwanga chili choyera mbee, kapena chili chakuda bii.

Anganga Hedi opuma (Luchenza): Nonse awiri mukunena zoona, ndipo mkangano wanuwo ndi womwe ana ayenera kuuona, anthu awiri osiyana maganizo koma osatukwanana. Chinanso, atsikana musawasiye m'mbuyo pa chisankho chanu cha mapulifekiti. Asamangopikisana pa mpando wa hedigelo okha. Wapampando wa bungwe loyendetsa chisankho akhale mtsikana nthawi zina, mamonita akhale osakaniza. Dziko lino linakhalapo ndi pulezidenti wamayi kuyambira Epulo 2012 mpaka 2014, koma m'Nyumba ya Malamulo amayi akadali ochepa kwambiri, ndipo kuchepako kumayambira m'makalasi mwathu momwemu, pomwe mnyamata akakuwa mtsikana amatsitsa mkono.

Madamu Nachisale (Chitakale): Zikomo kwambiri nonse. Mawa ndikaonana ndi ahedi ndi pulani iyi: sabata yoyamba mbiri kuyambira 1964 mpaka 2025 ndi mapu aja, yachiwiri ntchito za phungu ndi khansala, yachitatu wailesi ndi mauthenga a pa foni, yachinayi chisankho cha kalasi. AGama, munganditumizireko chitsanzo cha pepala lanu la zotsatira ndi malamulo a voti yoonongeka? Anganga, ngati thanzi likulola, ndingakonde mutabwera kudzawafotokozera anawa za khadi ndi nyali ndi pakamwa panu. Thiransipoti tisonkha.

aGama (Bvumbwe): Ndijambula usiku uno magetsi akayaka, nditumiza pa gulu pompano kuti aliyense atenge. Muonjezere mzere wa mapepala otsala, pa langa ndinachita kulemba ndi bolopeni.

Anganga Hedi opuma (Luchenza): Ndibwera mwanawe, bola likhale Lachitatu kapena Lachinayi m'mawa. Khadi langa la 1988 ndikadali nalo m'sutikesi, ndibwera nalo aligwire.

aMbewe (Thekerani): Madamu, mukamaliza mutiuze momwe zayendera, makamaka zomwe makolo anene. Zikayenda bwino kwanuko ndiyesa teremu yamawa, kuyambira ndi za wailesi zija.

aBanda a PTA (Chisitu): Tsiku lowerenga mavotilo mutiuziretu. Ndipempha tchuthi kwa abwana, ndipo ndiuza makolo ena angapo tidzakhale kumbuyo kwa kalasi tizionerera. Amayi a mwana wanga uja ndibwera nawo.